Kachipangizo konunkhiza utsi wa fodya: zolemba za ntchito, Januwale mpaka Juni

Januwale, sabata yachiwiri

Ntchitoyi yabadwira mu mkangano wa kunyumba. Mphwanga wa zaka 6, mwana wa achemwali anga, ali ndi mphumu. Achemwali ndi namwino, ndipo chaka chonse chathachi akhala akunena kuti chikumubanikitsa mwanayu usiku ndi fodya wa abambo athu, omwe anasamukira kwa iwo ku Area 25 amayi atatisiya. Abambo akuti ayi, iwo amasutira pakhonde, utsi umapita kumwamba, m'nyumba ukalowa bwanji? Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi mawailesi, ndiye ndinati tisamangolimbana pakamwa. Ndimange kanthu koti munthu avale, kazilemba utsi umene wamufika pamphuno ndi nthawi imene wamufikira.

Chokhomera pakhoma sichingathandize, chifukwa mwana sakhala malo amodzi. M'mawa ali kukhitchini, masana kusukulu, madzulo ali pamiyendo ya agogo ake. Choyezera chiyenera kuyenda naye.

Zimene ndasonkhanitsa: sensa yoyeza utsi ya Plantower PMS5003, kabolodi ka ESP32 (kakompyuta kakang'ono koyendetsa zonse), kawotchi ka DS3231, memori khadi, ndi mabatire a 18650 amene ndinachotsa m'mabatire akufa a malaputopu a makasitomala. Sensa ndinaitanitsa kunja kudzera mwa mnzanga, ndipo ndi vuto la ndalama zakunjali ndinangokwanitsa zitatu.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Mkati muli kafani kamene kamakoka mpweya n'kuudutsitsa pa kuwala kwa leza. Tinthu ta utsi tikadutsa timamwaza kuwalako, ndipo sensa imayerekeza kuchuluka kwake. Timene tikufuna ndi totchedwa PM2.5, tosapitirira mamaikiromita 2.5 kukula kwake. Tsitsi la munthu limanenepa mamaikiromita 50 mpaka 70, ndiye ganizani kuchepa kwake. Tinthu ta utsi wa ndudu tambiri sitifika ndi maikiromita imodzi yomwe, n'chifukwa chake timalowa mpaka pansi pa mapapo. Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa malire a PM2.5 kufika pa mamaikirogalamu 15 pa kiyubiki mita iliyonse ya mpweya pa maola 24.

Chinandipatsa mtima ndi zimene zinachitika ku Scotland. Kusuta m'malo omwera mowa kunaletsedwa kumeneko pa 26 Malichi 2006, ndipo Sean Semple ndi anzake anayeza mpweya wa m'mabala lamulolo lisanayambe komanso litayamba. PM2.5 inatsika ndi 86 peresenti. Pambuyo pake gulu lomwelo linkaika makina oyeza utsi a Dylos m'nyumba za anthu osuta n'kumawaonetsa makolo girafu ya mpweya wa m'nyumba mwawo. Ndinati basi, ndichita zomwezo, koma za m'thumba.

Januwale, sabata yachinayi

Kayamba kugwira ntchito. Ndinagula ndudu imodzi paokala, n'kuiyatsa m'katoni momwe ndinaikamo kachipangizoko. Manambala anakwera nthawi yomweyo, ndipo nditatsegula katoni anatsika pang'onopang'ono. Ndinasangalala ngati mwana.

Chimwemwecho chinatha batire litayamba kuvuta. Sensa ikamagwira ntchito imadya pafupifupi mamiliampu 100, ndiye batire lotopa kale la mulaputopu silinkafika madzulo. Njira yake ndi kuigoneka n'kumaidzutsa, koma ikadzuka imafuna masekondi pafupifupi 30 kuti kafani kakhazikike isanayambe kunena zoona. Ukaigoneka nthawi yaitali, munthu ayatsa ndudu, asuta, aponya chotsalira, iyo ili m'tulo. Ndasankha kuti izigona masekondi 80 n'kudzuka masekondi 40. Ndudu imodzi imatenga mphindi zisanu kapena kuposerapo, ndiye siingadutse osaonedwa.

Ndinayesanso sensa ya MQ-7 yoyeza carbon monoxide, mpweya wapoizoni umene umatuluka zinthu zikamayaka. Ndaichotsa. Ili ndi kawaya kotenthetsa mkati, kamadya batire moti simungakhulupirire, komanso imatentha. Si chinthu choika pachifuwa pa mwana.

Chikebe chake ndi cha sopo, cha pulasitiki, chimene ndaboola ndi msomali wamoto. Poyamba ndinalakwitsa: bowo lolowera mpweya ndi lotulukira onse ankatsegukira m'kachipinda kamodzi, ndiye kachipangizo kankangopuma mpweya wake womwewo. Ndinataya masiku awiri ndikudabwa chifukwa chake manambala sakusuntha. Kachidutswa ka siponji pakati kathetsa nkhaniyo. Atelala a pamsika andisokera kathumba ka chitenje kokhala ndi neti kutsogolo.

Febuluwale, sabata yachiwiri

Ndisanamuveke mwana wa eni, ndinati ndiyambe ndekha. Ndakavala masiku asanu ndi awiri pa lamba wa chikwama, pafupi ndi phewa, ndipo m'kope ndimalemba komwe ndili ndi nthawi.

Zimene ndaona zandithetsa nzeru. Mzere wa pagirafu umakwera m'depoti, pamene maminibasi akulira. Umakwera pachiwaya pamene ndimagula tchipisi. Umakwera aneba akatentha zinyalala padzala. Umakwera kwambiri mkazi wanga akamayatsa mbaula m'mawa. Munthu wina anakhala pafupi nane pabenchi la pashopu akusuta, mzere unakweradi, koma ukauika pambali pa wa mbaula uja ndi kachulu pambali pa phiri. Ndikanapanda kope, sindikanadziwa kuti fodya ndi uti.

Apa ndi pamene ndinazindikira chimene ndinachidumpha powerenga za ku Scotland zija. M'bala la ku Aberdeen mulibe mbaula. Ukachotsa fodya, palibenso china chachikulu chotulutsa utsi, ndiye PM2.5 imakhala mboni yokwanira. Kuno utsi uli ndi eni ake ambiri.

Sindine woyamba kugunda khoma limeneli. Kafukufuku wa CAPS, amene anachitikira ku Chikwawa ndi ku Karonga, anapereka mbaula zoyaka bwino zokhala ndi fani m'midzi ya ana oposa 10,000 kuti aone ngati chibayo chingachepe mwa ana osakwana zaka zisanu. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2017, ndipo chibayo sichinachepe. Ana ena m'kafukufukuyo anavekedwa tizipangizo toyeza carbon monoxide. Ofufuzawo mwa zina ananena kuti mwana wa kumudzi amapuma utsi wochokera kwina kwambiri, osati pamafuwa pokha. Iwo ankasaka utsi wa kukhitchini n'kusokonezedwa ndi wina. Ine ndikusaka wa fodya n'kusokonezedwa ndi wa kukhitchini.

Vuto lina ndi chinyezi. M'mawa wina kunagwa nkhungu mvula itagwa usiku, ndipo manambala anakwera popanda moto uliwonse. Tinthu ta mumpweya timamwa madzi n'kufufuma, leza n'kumationa ngati tambiri. Ndawonjezera kasensa ka chinyezi kuti ndizidziwa manambala oyenera kuwakayikira.

Febuluwale, sabata yachinayi

Masabata awiri apita pa chinthu chimene sichinatheke. PMS5003 imapereka manambala a tinthu ta misinkhu yosiyanasiyana, kuyambira mamaikiromita 0.3 kupita m'mwamba. Ndinaganiza kuti mwina utsi wa ndudu uli ndi kagawidwe kakekake kosiyana ndi ka makala. Ndinayesa ndudu, chingambwe, makala, nkhuni ndi koyilo ya udzudzu, chimodzichimodzi m'katoni muja. Zonse zikungofanana. Sensa yotchipayi siyeza msinkhu wa kanthu kalikonse payekhapayekha, imangoyerekeza ndi masamu amene opanga anaikamo. Fumbi lokha ndi limene likuoneka mosiyanako. Ndazisiya.

Chimene chikusiyanako ndi maonekedwe a mzere. Ndudu ya munthu wapafupi imakwera msanga, mzere uli mano mano, kenaka n'kutsika. Mbaula imakwera kwambiri poyatsa, makala akafiira n'kutsika. Koyilo imakwera n'kungokhala pomwepo usiku wonse. Izi ndi zongothandizira kuganiza, si umboni woti n'kukaimira pamaso pa abambo.

Malichi, sabata yachiwiri

Ndinapita kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi kusekondale, pano amagwira ntchito mulabotale. Atamva nkhani yanga anaseka, nati, "Aise, iwe ukuwerenga utsi. Anzako amafunsa dzina la utsi." Dzinalo ndi nikotini. Makala alibe, dizilo alibe, zinyalala zilibe.

Njira yakale kwambiri yovala ndi imene Katharine Hammond ndi Brian Leaderer anailongosola mu 1987. Ndi kachikebe kakang'ono kokhala ndi kapepala kosefera konyikidwa m'mankhwala otchedwa sodium bisulfate. Kalibe batire, kalibe fani. Munthu amakapanitsa pa malaya kwa masiku angapo, nikotini wa mumpweya amalowa yekha n'kumatirira pa kapepalako, ndipo kenaka amakatumiza kulabotale kukayezedwa ndi makina a gas chromatography. Yatsopanoko ndi zibangili za silikoni. Gulu la Kim Anderson ku Oregon State University linaonetsa mu 2014 kuti chibangili chonga zimene achinyamata amavala pamkonozi chimamwa mankhwala ambirimbiri a pamalo amene munthu akuyenda. Ofufuza a ku San Diego State University anaveka ana zibangili zotere, ndipo anapeza kuti nikotini wa m'chibangili amayendera limodzi ndi kotinini wa mumkodzo wa mwanayo.

Kotinini ndi chimene thupi limasandutsa nikotini. Nikotini satherapo nthawi m'magazi, pakangotha maola awiri theka lake lapita. Kotinini amatenga maola pafupifupi 16 kuti achepe ndi theka, n'chifukwa chake achipatala amayeza iyeyo mumkodzo kapena m'malovu pofuna kudziwa za masiku awiri kapena atatu apitawa.

Ndinatulutsa chibangili cha msonkhano wa kutchalitchi chimene chinali m'chikwama, n'kufunsa ngati chingagwire ntchito. Anakana. Chibangili chimayenera kutsukidwa kaye ndi mankhwala kuti chichoke zonse zimene chinabwera nazo kufakitale, chisungidwe m'thumba lotseka bwino, ndipo pamafunika china chosavalidwa choyerekezera. Makina oyezera nawo amafuna mankhwala ogula ndi madola.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti zonsezi sizinena nthawi. Zimangopereka nambala imodzi ya sabata yonse. Kachipangizo kanga kamadziwa nthawi koma sikadziwa dzina, chibangili chimadziwa dzina koma sichidziwa nthawi. Chochita zonse ziwiri chinayesedwapo ku Dartmouth College, kumene Joseph BelBruno ndi anzake anapanga sensa ya polima (chinthu chonga pulasitiki) imene kayendedwe ka magetsi mkati mwake kamasintha nikotini akaimatirira. Maloto oyamba anali oti ana azivala, koma malonda ake anakathera kwambiri ku mahotela ndi nyumba za lendi, kogwirira alendo osuta m'zipinda zoletsedwa. Si chinthu choti ndingachipeze pashopu panga.

Malichi, sabata yomaliza

Ndinali kumudzi kwa malume ku Kasungu, kumaliro a apongozi awo. Kachipangizo ndinapita nako chifukwa chazolowera kukhala pachikwama.

Pakhomo pa malume palibe wosuta ndi mmodzi yemwe. Iwo ndi mkulu wa mpingo. Koma amalima fodya wa bale, ndipo ino ndi nyengo yothyola. Maliro atatha ndinakakhala nawo kuchigafa. Masamba ali lendelende kuyambira kumutu mpaka kudenga, ena akadali obiriwira, ena ayamba kufiira. Azakhali ndi ana awiri akuluakulu anakhala pansi akusoka masamba, zala zili bii ndi utomoni uja umene suchoka ndi madzi okha. Fungo lake limakwera m'mutu. Ndinayang'ana pafoni, mzere uli phee pansi. Bale amauma ndi mphepo, safuna moto ngati fodya wa chikopa, ndiye kwa leza yanga m'chigafamo mpweya unali woyera ngati wa pa Dedza.

Ndinafunsa malume ngati ana amadwala nyengo ino.

"Kudwala ayi," anatero. "Koma akathyola m'mawa mame asanakamuke, ena amamva chizungulire, nseru, mutu. Timati fodya wawaledzeretsa. Akagona zimatha."

Ameneyo ndi nikotini wolowa pakhungu. Amasungunuka m'madzi, ndiye tsamba lonyowa likakhudza mkono kapena malaya onyowa, amadutsa. Madokotala amawatcha matendawa green tobacco sickness. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno, ndipo linati tsiku lachinyezi mwana angathe kumwa nikotini wofanana ndi wa ndudu 50 kudzera pakhungu.

Pobwerera m'basi ndinkangoganiza za chibangili chija. Mutamuveka mwana wa malume sabata ino, chingabwere chodzaza, mkodzo wakenso chimodzimodzi, pamene pakhomopo sipanayatsidwepo ndudu. Ku San Diego nikotini pa mkono wa mwana amatanthauza kuti pali wosuta pafupi. Ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji mu Malichi angatanthauze kuti mwanayo anathandiza kusoka. Ndiye ngakhale mboni imene mnzanga wa kulabotale amaidalira ija, kuno iyenera kufunsidwa kaye kumene yachokera. Aliyense wodzachita kafukufuku wotere kumudzi adzafunika kulemba mwezi, ndi kufunsa ngati pakhomo pali chigafa.

Epulo, sabata yachiwiri

Ndayamba kunyumba kwa achemwali. Tagwirizana kuti mwana asavale m'khosi, kuopa chingwe posewera. Masana kachipangizo kazikhala pa lamba wa chikwama chake, usiku kazipachikidwa pa neti, pafupi ndi mutu.

Ndinalakwitsa chinthu chachikulu: sindinayambe ndakhala pansi ndi abambo. Anangoona kachikebe ka sopo kakulira pang'onopang'ono paphewa pa mdzukulu wawo, ndipo mwanayo mosabisa anati, "Agogo, aka n'kogwira anthu osuta." Madzulo amenewo nsima sanadye. Tsiku lotsatira anandiitanitsa.

"Iwe, wandiikira wapolisi m'nyumba?"

"Ayi abambo, pepani. Ndimafuna tingodziwa chimene chikumuvuta mwanayu."

"Mukudziwa kale inu. Mwagamula kale mlandu, mukungofuna mboni."

Sanalakwe. Ndinawauza zonse, kuphatikizapo zoti kachipangizoko sikatha kusiyanitsa ndudu yawo ndi mbaula ya achemwali. Apa ndi pamene nkhope inamasuka. Anafunsa kuti ndiye ndidziwa bwanji. Ndinati ndi kope, munthu azilemba nthawi. Anati kope ayi, mwana wawo wamkaziyo azilemba zomukomera. "Ndipangire changa. Ndikayatsa ndizikanikiza ndekha."

Nzeru imeneyi ine sinandibwerere miyezi itatu yonseyi. Ndatenga kachipangizo kachiwiri, ndaikapo batani lofiira lochokera mu wailesi yakale. Akakanikiza, nthawi imalembedwa. Achemwali nawo avomera kulemba pa kalendala ya kukhitchini nthawi yoyatsa mbaula ndi china chilichonse choyaka. Chachitatu ndachisiya pakhonde.

Epulo, sabata yachinayi

Sabata yoyamba yonse yatayika. Kabatire ka kawotchi ka m'kachipangizo ka abambo kanali kotha, ndiye nthawi iliyonse achemwali akasintha batire lalikulu, wotchi inkabwerera pachiyambi. Ndinali ndi mizere ya mwana ndi makanikizo a agogo, koma osadziwa kuti chiti chikugwirizana ndi chiti. Memori khadi imodzi inawonongekanso batire litathera pakati polemba. Tsopano pulogalamu imatseka failo ikangolemba mzere uliwonse, ndipo imasiya kulemba batire likatsika kufika pa mavolti 3.3. Tizipangizo tonse titatu ndimatiika patebulo limodzi kwa ola limodzi Lamlungu lililonse, kuti ndione ngati mawotchi ndi manambala zikugwirizana. Kamodzi kamawerenga mokwererapo kuposa tinzake nthawi zonse, ndakalemba chizindikiro.

Abambo anaseka nditawauza kuti tiyambiranso. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero, "wa pamemori khadi ndi wa mphepo."

Meyi, sabata yachitatu

Tili ndi masabata atatu athunthu. Loweruka tinakhala pabalaza tonse, laputopu patebulo.

Choyamba: achemwali ankanena zoona. Pafupifupi usiku uliwonse abambo amakanikiza batani cha m'ma 8 koloko, mwana atagona kale, ndipo pakangopita mphindi zochepa mzere wa paneti umayamba kukwera. Zenera la chipinda cha mwana linayang'ana pakhonde, ndipo pamwamba pake pali timabowo ta mpweya tija amisiri amasiya. Mpando wa abambo uli pansi pa timabowoto ndendende. Utsi ukalowa suchoka msanga, chifukwa chitseko cha chipindacho chimakhala chotseka. Ndudu yatha kalekale, agogo akagona, mzere ukadali m'mwamba. Abambo anayang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anadzuka, anatuluka pakhonde, anaima n'kuyang'ana timabowo tija.

Chachiwiri: mapiri aakulu kwambiri pagirafu si a abambo. Lalitali kuposa onse ndi la m'mawa, pamene mtsikana wantchito amayatsa mbaula pakhomo la khitchini ndi majumbo, mwana akudya phala pafupi pomwepo. Lotambalala kuposa onse ndi la masiku amene achemwali eni ake amayatsa koyilo ya udzudzu m'chipinda cha mwanayo chifukwa neti inang'ambika pangodya. Usiku wotero mzere umagona m'mwamba mpaka mbandakucha. Achemwali anangoti, "Mayo ine," n'kugwira pakamwa.

Abambo anafuna kukondwera kuti apambana, ndipo ndinachita kuwadula. Kutalika kwa mzere si kukula kwa poizoni. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amadziwika kuti amayambitsa khansa. Kuyambira 1981, pamene Takeshi Hirayama ku Japan anaonetsa kuti akazi osasuta okwatiwa ndi amuna osuta ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo, umboni wangokhala ukuwonjezeka. Lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America la 2006 linanena kuti palibe mlingo wa utsi wa wina umene ungatchedwe wosavulaza. WHO imati anthu osasuta oposa miliyoni imodzi amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma utsi wa anzawo. Kwa mwana wa mphumu, kachulu ka 8 koloko kaja n'kokwanira kumuyambitsa.

Manambala enieni sindiwaika pano dala. Tizipangizo tanga sitinayerekezedwe ndi makina ovomerezeka, ndipo zoyezera za leza zimadziwika kuti zimakokomeza utsi. Ngakhale makina odula a TSI SidePak, amene agwiritsidwa ntchito m'mabala a m'maiko ambiri, manambala ake amachulukitsidwa ndi 0.32 akamayeza utsi wa fodya. Zanga zimandiuza kuti kwakwera, liti, ndipo kwatenga nthawi yaitali bwanji. Ndikayamba kulengeza mamaikirogalamu ndikhala ndikunama.

Pali china chimene girafu sionetsa konse. Jasi ya abambo imanunkha fodya ngakhale asanasute tsiku limenelo, ndipo mphwanga amakonda kubisa nkhope m'jasimo. Nikotini amamatirira pa nsalu, pa makatani, pa khoma, n'kumachoka pang'onopang'ono. Mu 2010 ofufuza a ku Lawrence Berkeley National Laboratory anaonetsa kuti nikotini wotsalira pa zinthuyu akakumana ndi asidi wotchedwa nitrous acid wa mumpweya wa m'nyumba amasanduka mankhwala oyambitsa khansa. Leza yanga izi siziona. Chimodzimodzi fungo la ku Kanengo, pamene msika wa fodya watsegulidwa ndipo malole a mabelo andanda mumsewu. Mphuno imamva, mzere uli phee.

Juni, sabata yachiwiri

Zasintha pakhomo: mpando wa abambo wasamukira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, anaunyamula okha. Ali ndi jasi yakale imene amavala posuta n'kuisiya pamsomali kunja. Kusiya sanasiye, ndipo nkhani imeneyo ndawasiyira achemwali. Neti yatsopano yagulidwa, koyilo yatha. Mbaula ikuyatsidwira kutali, ndi tinkhuni m'malo mwa majumbo. Kachulu ka 8 koloko kasowa pagirafu, kupatula masiku awiri amene kunali chiperoni, abambo n'kubwerera pakhonde. Masiku onse awiriwo batani anakanikiza, sanabise.

Za chifuwa cha mwana sindinena kanthu. Nyengo yasintha, mankhwala ake opopera akuwalandira monga kale, ndipo mwana mmodzi m'nyumba imodzi si kafukufuku.

Kuzizira kwabweretsa china chimene chandiopsa. Lachitatu usiku magetsi atathima, mtsikana wantchito analowetsa mbaula pabalaza kuti aothe, mazenera onse otseka. Makala anali atafiira kale, ndiye mzere wanga sunakwere kwenikweni. Komatu nthawi imeneyo ndi imene carbon monoxide imadzaza m'nyumba, yosaoneka, yosanunkha, ndipo imapha anthu ali m'tulo. Kachipangizo kamene kangakhale chete pa nthawi yotero n'koopsa, chifukwa munthu angakaone n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Ndabwerera ku zimene ndinazitaya mu Januwale. Ndaitanitsa masensa a carbon monoxide a mtundu wa electrochemical, amene sadya batire ngati MQ-7, ndipo ndiikapo kabelu.

Anthu ayamba kumva. Amayi awiri a kumpingo kwa achemwali akufuna kubwereka, wina akuti akaonetse amuna awo. Ndakana kaye. Za m'banja mwathu zinatsala pang'ono kutigawanitsa, ndipo abambo ndi munthu wofatsa. Sindikufuna kachikebe kanga ka sopo kakhale chifukwa choti mayi wina amenyedwe. Ngati zituluka kunja kwa banja, ziyenera kudutsa ku komiti ya National Health Sciences Research Committee, ndi munthu wa kuyunivesite wotsogolera, ndipo wosutayo azifunsidwa poyamba.

Pempho limene landigwira mtima ndi la kasitomala wanga wina, mtsikana wogulitsa mowa m'bala, amene anabweretsa foni yosweka galasi n'kuona kachipangizo patebulo. Sasuta, koma amabwera kunyumba tsitsi ndi zovala zikununkha, m'mawa mmero ukukanda. Malo ngati ake ndi amene kachipangizoka kangagwire bwino kwambiri, chifukwa mkati mwa bala mulibe mbaula, monga ku Scotland kuja, bola kanyenya akhale kutali ndi khomo. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, ndipo gawo 8 la panganolo limanena za kuteteza anthu ku utsi m'malo ogwirira ntchito ndi m'malo opezeka anthu ambiri. Mpweya umene anthu ngati iyeyu amapuma usiku wonse udzafunika kuyezedwa. Koma abwana ake akapeza kanthu kolira m'thumba la epuloni, ntchito ingamuthere, ndiye naye ndamuuza adikire.

Zotsatira mwezi uno: mnzanga wa kulabotale walankhula ndi mphunzitsi wina amene ali ndi makina oyezera mpweya a sefa yopimidwa pasikelo, ndipo wavomera kuti tiike tanga pambali pake kwa masiku atatu, tsiku limodzi ndudu, lina makala, lina nkhuni. Ndikufunanso kusintha PMS5003 n'kuika PMS7003, imene ndi yopyapyala, kuti chikebe chichepe. Kabatani kofiira ka abambo kayamba kukakamira, dzulo anatumiza mwana kudzandiuza kuti ndipite ndi kena Loweruka, ndipo kachipangizoko ndisakatenge.